Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo wa Tsiku la Madzi ku Balaka



Bwanamkubwa wa boma lino la Balaka, Wapampando wa Khonsolo pamodzi ndi makhansala onse, olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo, a Gogo Chalo, magulupu ndi nyakwawa zonse, eni ake a nthaka tapondayi, abusa, ansembe ndi mashehe athu, akuluakulu a Southern Region Water Board, mkulu wa zaulimi ndi alangizi anu, mkulu wa zaumoyo ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, mkulu wa apolisi, oimira mabungwe amene amatigwira mkono pa nkhani za madzi, aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi onse, makomiti a mijigo ndi amakaniko amene mumadzutsa mijigo ikafa, atolankhani, amayi a kwaya amene mwatilandira ndi nthungululu, inu ana a sukulu amene mwapirira dzuwa kuyambira m'mawa, amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani. Amene sindinamutchule asadandaule, mpando wake tauona.

Lero ndi pa 22 Malichi, tsiku limene maiko a dziko lonse akhala akukumbukira madzi kuyambira mu 1993. Kwina tsikuli limangodutsa pa wailesi. Kuno ku Balaka sitichita kuuzidwa kuti madzi n'chiyani. Mukukumbukira chaka cha 2018, pamene damu la Mpira ku Ntcheu, gwero la madzi a m'mipopi yathu, linaphwa mpaka matope kung'ambika. Mipopi ya kuno inangotsala zitsulo. Amayi munkadzuka tambala asanalire kukaima pamzere pa mjigo, ndipo mumsewu munali njinga zokhazokha zomangirira zigubu. Chaka chomwecho nyanja ya Chilwa inauma malo ambiri, mabwato n'kukhala pamtunda. Ndiye kunabwera namondwe Freddy mu 2023, madzi kuchuluka mpaka kutenga abale athu, ndipo chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Zaka ziwiri zotsatizana, madzi anatiliza pochuluka, anatilizanso posowa.

Boma silinakhale manja lende, ndipo sizinayambe lero. Mu 1968 anthu a ku Chingale ku Zomba anakumba okha ngalande ndi makasu, boma n'kubweretsa mapaipi, madzi n'kutsika m'phiri popanda injini. Mjigo wa Afridev umene mumapukusa tsiku ndi tsiku, umene lero uli m'maiko ambiri a mu Africa, chiyambi chake ndi kuno ku Malawi. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loyendetsera madzi. Tiwaombere m'manja onse amene anagwira ntchito zimenezi. Koma mvetsani izi: pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni, pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni. Ife tachulukana, mvula sinachulukane nafe. Ndiye ine lero sindinabwere ndi lonjezo la damu latsopano. Ndabwera kudzalankhula za madzi amene afika kale pakhomo panu, ife eni n'kuwasiya apite.

Tiyambe ndi denga. Ana a Sitandade 8 muli kuti? Kwezani manja. Eya, tiwerenge limodzi. Nyumba ya malata ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, mvula ikagwa ya mamilimita 20 okha, mvula wamba ya masana amodzi, padenga pamatsika madzi okwana malita 960. Amenewo ndi madiramu pafupifupi asanu. Kuno pachaka timalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800, kutanthauza kuti denga lomwelo limatsitsa malita oposa 38,000. Amapita kuti? Amakumba maziko a nyumba yanu, amakokolola bwalo, amakakuza chigwembe cha kumunda kwa mnzanu, basi ulendo wa ku mtsinje wa Rivirivi. Mvula ikakata, mayi wa pakhomopo asenza ndowa kukafuna madzi kutali. Chimene chikufunika ndi lata lakale lopinda ngati ngalande, kapena nsungwi yong'amba pakati, kumangirira m'mphepete mwa denga, pansi n'kutchera diramu. Mvula yoyamba isiyeni itsuke fumbi ndi zitosi. Diramu livindikireni kuti udzudzu usaswanemo, komanso kuti mwana asagweremo. Amene Mulungu wakudalitsani ndi kangachepe, mangani thanki ya njerwa ndi simenti. Aphunzitsi aakulu, madenga a makalasi anu ndi aakulu kuposa a aliyense m'mudzi. Ndikufuna ndidzamve kuti pasukulu pano pali thanki, ndipo ana akusamba m'manja ndi madzi a padenga lawo.

Inu a m'tauni, a mipopi ya m'nyumba, ndikuonani mwakhala pamthunzi uko. Mpopi wodontha kadontho kamodzi pa sekondi umataya madzi odzaza chigubu cha malita 20 pa tsiku. Kaikeni chigubu pansi pake usiku uno mudzaone nokha. Chowonongeka nthawi zambiri ndi karabala ka mkati, kotsika mtengo kuposa mayunitsi a foni amene mumagula pa tsiku. Koma timamanga mpopi ndi lekeni, mwezi n'kutha, bilu ikabwera timakayamba mkangano ku ofesi ya madzi. Chimbudzi chogejemula chimene chimangolira usiku wonse chimataya ochuluka kuposa pamenepo. Tsekani mipopi yonse, mukayang'ane mita. Ikamayenda, kwinakwake paipi yaboola. Ndipo paipi ikaphulika mumsewu musamangoilumpha n'kumati ndi za boma, imbirani eni ake. Nanunso a Water Board, anthu akaimba muzifika msanga, chifukwa munthu amene waona paipi ikutayira sabata yathunthu simungamuuze kuti asamale kapu ya madzi.

Ambiri pano muli ndi abale ku Joni. Afunseni amene anali ku Cape Town mu 2018. Mzinda wolemera ngati umene uja unafika polamula kuti munthu asapitirire malita 50 pa tsiku, zigubu ziwiri ndi theka, zomwera, kuphikira, kusamba ndi kuchapira. Mabwana ankasamba ataima m'beseni kuti madzi osambawo akathire kuchimbudzi. Agogo athu nzeru imeneyi anali nayo kalekale. Kuseri kwa bafa kunkakhala phata la nthochi, pansi pa thandala pamene mbale zimadonthera pankamera mpiru. Lero timamanga bafa la simenti, madzi n'kuwalozera kumsewu kuti akanunkhire anansi. Bwezerani nthochi kuseri kwa bafa. Kumbani dzenje, thiranimo zinyalala zowolerana, bzalani nthochi ndi mapapaya mozungulira. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo apite kumbewu. Madzi a sopo apite ku mitengo ya zipatso, pansi pa tsinde, osati pamasamba amene tidye, ndipo asagone mu ndowa. Madzi ochapira matewera okha, amenewo ndi a kuchimbudzi.

Pamenepa ndichenjeze, alangizi a zaumoyo ali pano ndi mboni. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wina asachoke pano n'kumati mlendo wolemekezeka wanena kuti tisamasambe m'manja. Ayi ndithu. Mpondagiya pakhomo pa chimbudzi amatha madzi ochepa kwambiri, ndipo amapulumutsa banja. Madzi akumwa, ngakhale a padenga, muwiritse kapena muthire klorini.

Tsopano tilowe kudimba, kumene mtima wanga uli. Mwezi wamawa tiyamba kukolola. Ndikudziwa chimene chidzatsatire: utsi mbali zonse. Anyamata osaka mbewa, ndikukuonani mukuseka kumbuyoko. Mbewa n'zokoma, sindikukana, koma kutentha munda wonse chifukwa cha kapuku mmodzi n'kuwononga chuma. Mapesi amene mukuwotchawo ndiwo akanaphimba nthaka. Pitani pabedi lophimbira ndi udzu masana dzuwa lili paliwombo, pisani dzanja pansi pa udzuwo, mupeza chinyezi ndi kuzizira. Pisani pabedi lapambalambanda, dothi lili gwa, lotentha. Wophimbira amatha kudumphitsa masiku osathirira, pamene mnzake amapita ndi kheni m'mawa ndi madzulo, msana kuwawa, chitsime n'kuphwa mwezi wa Okutobala usanafike.

Nthawi yothirira nayonso tiziiona. Kuthirira masana n'kugawana madzi ndi dzuwa. Thirirani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo thirani patsinde mokwanira kuti madzi alowe pansi, mizu iwatsatire. Kuwaza pang'onopang'ono pamwamba kumaphunzitsa mizu ulesi. M'chilimwe mabedi akhale olowa pansi kuti madzi asathawe, okwera ndi a dzinja. Manyowa musawaone ngati chakudya cha mbewu chokha, dothi lamanyowa limasunga madzi nthawi yaitali kuposa dothi loguga. Pa phando la tomato kwirirani botolo lobowola pansi, muzithira m'menemo. Kumunda, mayenje, mizere yotseka, akalozera ndi udzu wa vetiva alangizi akhala akutiphunzitsa zaka zambiri, ndipo madzi amene zimenezi zimaimitsa ndi omwe amadzatuluka pa mjigo mu Novembala. Ndifunsenso amayi: bonongwe, luni, chisoso, denje ndi chitambe tinazinyozeranji? Zimapirira ludzu kuposa kabichi, ndipo achipatala amaziyamikira.

A makomiti a mijigo, kumapeto kwa ngalande ya mjigo wanu kuli chiyani? Malo ambiri kuli chithaphwi, nkhumba ndi udzudzu. Ndinaona mudzi wina atatchinga mpanda pamenepo, n'kubzala nthochi, nzimbe ndi masamba. Ndalama zake ndi zimene amagulira marabala mjigo ukawonongeka, osayenda khomo ndi khomo kutolera. Inu a kabaza, njinga zanu timazikonda, ndi zimene zimayendetsa Balaka, koma musatsukire pa simenti ya mjigo. Tungani, mukatsukire pansi pa mtengo kuti nawo umwe.

Abambo, mwakhala chete nthawi yonseyi ngati nkhaniyi ndi ya amayi. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Amene amaisenza sataya madzi, amadziwa ululu wake m'khosi. Otaya ndi amene amangopeza madzi ali kale kubafa. Kukhoma ngalande padenga, kukumba dzenje la nthochi, kusintha karabala ka mpopi, zonsezi ndi ntchito zanu, ndipo palibe imene ingakutengereni tsiku lathunthu. Amayi, ndanama? Mwamva nokha, abambo.

A Gogo Chalo ndi mafumu onse, kwa inu ndibwera chogwada. Damu la Mpira limadalira nkhalango ya Mvai, ndipo mtsinje uliwonse umadalira mitengo ya m'mbali mwake. Anthu akulima mpaka m'madzi, akuumba njerwa m'gombe, akudula mikuyu ndi katope, mitengo imene makolo ankaiopa kuigwetsa pa kasupe. Liwu lanu limamveka kumene galimoto ya boma sifika. Khazikitsani malamulo a m'mudzi, ndipo Bwanamkubwa ali pano, Khonsolo idzaima nanu.

Ndauzidwa kuti kuseri kwa makalasiwa alimi ndi ana a sukulu akonza zionetsero: bedi lophimbira, diramu la padenga ndi mpondagiya. Tikachoka pano tonse tidzere kumeneko, aliyense apise dzanja pansi pa udzu uja, afunse mafunso, alangizi alipo. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wokumbukira Tsiku la Madzi m'boma lino la Balaka watsegulidwa.

Mulungu akudalitseni nonse, adalitsenso dziko lathu la Malawi.