Asanalipire Webusayiti: Mawu kwa Amalonda ndi Makopaletivi a M'mawodi

Nkhani iyi idakambidwa pamaso pa amalonda ang'onoang'ono ndi atsogoleri a makopaletivi, ndipo yasindikizidwa pano kuti ifikenso kwa amene sadapezekepo.



Masiku ano wamalonda akangoyamba kupeza bwino, sipapita nthawi asanamuyandikire wachinyamata wodziwa za makompyuta n'kumuuza kuti bizinesi yake ikufunika webusayiti. Kawirikawiri wachinyamatayo amakhala akunena zoona. Wogula wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene akufuna mpunga wa Kilombero, uchi kapena malo ogona amayamba wafufuza pafoni asanaimbire munthu aliyense. Koma m'makotesheni ena mwayamba kuoneka mawu achingerezi akuti headless CMS, ndipo ntchito yotero imakonda kudula kuposa webusayiti wamba. Ndalama za kopaletivi ndi thukuta la mamembala, choncho wosayina chekeyo ayenera kudziwa chimene akugula.

CMS ndi pulogalamu imene imathandiza munthu wosaphunzira ukatswiri wa makompyuta kuika yekha nkhani, zithunzi ndi mitengo pa webusayiti. Yotchuka kwambiri ndi WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little adayambitsa mu 2003, ndipo lero mawebusayiti oposa anayi mwa khumi alionse padziko lapansi amayendera iyo. Palinso Drupal ndi Joomla. Mapulogalamuwa adapangidwa ngati golosale ya pamudzi imene mosungira katundu ndi pogulitsira zili pansi pa denga limodzi: mawu amasungidwa momwemo, maonekedwe a tsamba amakonzedwanso momwemo. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zokwanira, ndipo zatumikira bwino zaka zoposa makumi awiri.

Nanga headless? Tanthauzo lake ndi "chopanda mutu", ndipo Mchewa akamva zimenezi ali ndi ufulu woseka, poti kwathu kuno zopanda mutu ndi zinthu zimene munthu wanzeru sangatayirepo ndalama. Akatswiri akamati mutu amanena mbali imene wogula amaona, kutanthauza tsamba lenilenilo ndi mitundu yake. Thupi ndi mbali yosungira. M'dongosolo limeneli thupi limaima palokha ngati nkhokwe, ndipo silisamala kuti chimanga chikatuluka chikaphikidwa m'nyumba iti. Chilichonse chimalembedwa m'zigawo zake, dzina la katundu pamalo pake, kulemera kwake pamalo pake, mtengo ndi chithunzi chimodzimodzi. Tsamba likafuna kuonetsa mtengo limatuma mthenga kunkhokwe, ndipo mthengayo ndiye amene akatswiri amamutcha API. Pulogalamu ya pafoni ikafuna mtengo womwewo imatuma mthenga yemweyo, n'kulandira yankho lomwelo.

Phindu lake limaoneka bwino pa kopaletivi yogulitsa mpunga m'mapaketi a kilogalamu imodzi, awiri ndi asanu. Ili ndi webusayiti, ili ndi kanema woonetsa mitengo m'sitolo yake ya paboma, ndipo ikufuna kuti wofunsa mtengo pa WhatsApp azilandira yankho ngakhale usiku. Mitengo ikamalembedwa paliponse payokhapayokha, tsiku lina padzapezeka poiwalika. Ambiri akukumbukira November 2023, pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya zinthu idasintha m'masiku owerengeka. Wogula amene waona mtengo wakale pafoni, n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako n'kuuzidwa kuti awonjezere, saganiza kuti mlembi adangoiwala. Amaganiza kuti waberedwa, ndipo amakauza anzake. Pamene pali nkhokwe imodzi, mlembi amasintha nambala kamodzi ndipo makomo onse amanena chimodzi.

Pali ubwino winanso umene ukukhudza madera ngati athu, kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo. Masamba a dongosolo limeneli angathe kukonzedweratu n'kusungidwa okonzeka, moti wogula akatsegula sadikira kuti seva iyambe kuwasonkhanitsa. Akamangidwa mosamala amatseguka msanga. Komabe chimene chimamaliza bandulo nthawi zambiri ndi zithunzi zolemera, ndipo chithunzi chikaikidwa osachichepetsa, chidzalemera m'dongosolo lililonse. Tsiku limene eni ake adzatope ndi maonekedwe a tsamba, angathe kumanga mutu watsopano osalembanso zonse zimene adasonkhanitsa kwa zaka.

Tsono mtengo wake. Chinthu chogulidwa chopanda mutu chimafuna wina woti achiumbire mutu, ndipo ntchito imeneyo ndi ya katswiri wolemba mapulogalamu. Pa WordPress mwini sitolo angathe kusankha maonekedwe opangidwa kale n'kuyamba tsiku lomwelo. Pa headless, ngakhale kusuntha malo a chithunzi patsamba nthawi zina kumafuna kuti katswiriyo aitanidwenso, ndipo sabwera ulele. Akasamukira ku Johannesburg kapena akangosiya kuyankha foni, wopitiriza ntchito yake sapezeka msanga ngati wodziwa WordPress.

Nkhokwe yeniyeniyonso ili ndi mwini. Contentful, kampani imene idayambira ku Berlin mu 2013, ndi Sanity ya ku Norway zimasunga zinthu pa makompyuta awo. Zimalola woyamba kugwiritsa ntchito mwaulere mpaka pamlingo wina, ndipo akapitirira pamenepo amalipira mwezi ndi mwezi m'ndalama zakunja. Palibe wamalonda m'dziko muno amene akufunika kuuzidwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, kapena zimene zimachitikira bilu ya madola kwacha ikagwa. Strapi, imene idayambira ku France, ndi yaulere kuitenga n'kuiika pa seva ya mwini wake, koma sevayo imalipiridwa ndipo imafuna munthu woiyang'anira kuti isalowedwe ndi akuba. Ulere wake ndi wonga wa mwana wa mbuzi wopatsidwa, amene chingwe, khola ndi msipu zimakhala za wolandirayo.

Pachifukwa chimenechi, telala, wowotcherera zitsulo, mwini saluni kapena wogulitsa ndiwo pamsika alibe chifukwa chogulira headless. Ambiri a iwo sakufunika n'komwe webusayiti pakadali pano. WhatsApp Business ili ndi malo oikapo katundu ndi mitengo mwaulere, ndipo kulembetsa malo a bizinesi pa mapu a Google sikulira ndalama. Wofuna tsamba limodzi lonena za ntchito yake ndi nambala ya foni, WordPress imukwanira, komanso sakhala atadzitsekera njira, chifukwa kuyambira December 2016 WordPress ili ndi API yakeyake ndipo ingathe kudzagwira ntchito ngati nkhokwe bizinesi ikakula. Amene ayenera kuganizirapo mozama ndi kopaletivi yokhala ndi misika ingapo, malo ogona alendo amene amalengeza m'zinenero ziwiri kapena zitatu, ndi bungwe limene uthenga wake uyenera kufika pa webusayiti ndi pafoni nthawi imodzi. Katswiri amene akulimbikitsa headless kwa golosale afunsidwe kuti makomo enawo ndi ati. Akalephera kutchula ngakhale awiri, ndiye kuti akungofuna kuphunzirira ntchito pa ndalama za mwini golosale.

Pali nkhani ina imene imapweteka anthu kuposa kusankha pulogalamu, ndiyo ya umwini. Dzina la webusayiti, kaya likuthera ndi .mw kapena .com, limachita kubwerekedwa ndipo limalipiridwa nthawi yake ikakwana, kawirikawiri chaka ndi chaka. Likalembetsedwa m'dzina la womanga, ndiye kuti mwini wake ndi womangayo, ngakhale ndalama zidachokera m'thumba la kopaletivi. Tsiku la mkangano tsamba limazima, ndipo dzina losindikizidwa pa mapaketi onse limasanduka lopanda ntchito. Choncho dzinalo, akaunti ya nkhokwe ndi imelo yolandirira makalata ake zilembedwe m'dzina la bizinesi, ndipo mawu achinsinsi asungidwe ndi anthu awiri a m'komiti. Kumene kukusungidwa mayina ndi manambala a ogula, atsogoleri akumbukirenso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, kuwonjezera pa lamulo la 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti, ndipo kulemba katswiri ganyu sikuchotsa udindo pa mwini bizinesi.

Ndalama yomaliza isaperekedwe pongoona tsamba lokongola pa laputopu ya womanga. Mlembi wa kopaletivi atenge foni yakeyake, alowe yekha, asinthe mtengo wa paketi ya makilogalamu asanu, ndipo komiti ione ngati mtengowo wasintha paliponse pamene adalonjeza. Akatero womangayo atulutse zonse zimene zili m'nkhokwemo, mawu ndi zithunzi, aziike pa flash n'kuzipereka kwa msungichuma komiti ikuona.