Chimene chimakulitsa nsomba chili m'thupi mwake momwemo

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a alimi a nsomba mumzinda wa Lilongwe



Ambiri mwa inu amene munakumba madamu m'madambo ozungulira mzinda uno muli ndi dandaulo limodzi. Miyezi 6 yatha, madeya athera momwemo, koma mukakoka khoka mukutuluka tinsomba tonga zala. Zikatere munthu amayamba kufunsa ngati kulibe mankhwala okulitsa nsomba msanga. Tisanataye ndalama zathu, tiyeni tiyambe tamvetsa mmene nsomba imakulira.

Pansi pa ubongo wa nsomba pali kachiwalo kakang'ono ngati njere ya mapira, kamene akatswiri amakatcha pituitary. Kachiwaloka kamatulutsa timadzi totchedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi kukalamula ziwalo zina. Homoni ya kukula ikafika ku chiwindi, chiwindicho chimatulutsa homoni ina yotchedwa IGF-1, ndipo iyi ndi imene imauza minofu ndi mafupa kuti zikule. Tsono mvetsetsani apa. Nsomba ikamagonera njala, homoni yoyamba ija imachuluka ndithu m'magazi, koma chiwindi sichiyankha. Choncho nsomba yopinimbira chifukwa cha njala sikusowa homoni ayi, ikusowa chakudya chomanga thupi. Madeya paokha ndi operewera. Sakanizani ndi soya wokazinga ndi kugayitsa, ndipo muzithira manyowa kapena zitosi za nkhuku kuti madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndi chakudya cha nsomba.

Chachiwiri ndi kuzizira. Thupi la nsomba limatengera kutentha kwa madzi amene ili. Madzi akazizira kutsika madigiri 20, makumba ndi chambo zimachepetsa kudya ndipo kukula kumaima. Kuno ku Lilongwe tili pamalo okwera, ndipo nonse mukudziwa chisanu cha mu Juni ndi Julaye. Ikani mbewu m'damu kukayamba kutentha, cha mu Seputembala, kuti mudzakolole chisanu chisanabwerere.

Chachitatu ndi kuthithikana. Nsomba zikachulukitsa m'damu, kapena mukaziona m'mamawa zikuyasamula pamwamba pa madzi posowa mpweya, thupi lake limatulutsa homoni ya nkhawa yotchedwa cortisol, imene imabweza m'mbuyo kukula. Ngati mukudalira madeya ndi manyowa, nsomba ziwiri kapena zitatu pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi n'zokwanira.

Koma vuto lalikulu m'madamu athu ndi kuswana. Makumba amayamba kuswana akadali aang'ono. Yaikazi imafungatira mazira mkamwa, ndipo pa masabata amenewo sidya n'komwe. Mphamvu yonse imathera ku mazira. Tiana tikatuluka timalimbirana chakudya ndi makolo ake, mpaka damu lonse kudzaza tinsomba topanda mtengo pamsika. Yaimuna ndiyo imakula msanga, n'chifukwa chake alimi a maiko ambiri amaweta zazimuna zokhazokha.

Apa ndi pamene mahomoni opangidwa ku fakitale amagwira ntchito. Kumalo oswetsera nsomba, tiana tongoyamba kumene kudya timapatsidwa chakudya chosakaniza ndi homoni ya methyltestosterone, mamiligalamu 60 pa kilogalamu imodzi ya chakudya, kwa masabata atatu kapena anayi. Ntchito ikachitika bwino, tiana toposa 90 pa 100 tilitonse timakhala tatimuna. Nthawi imeneyi ikadutsa, homoniyi singasinthenso nsomba. Ndi mankhwala amphamvu, ofuna muyeso weniweni ndi zovala zodzitetezera, makamaka kwa amayi. Si oti muzisakanizira pakhonde pamene ana akusewera. Chimodzimodzi ndi mlamba: akatswiri amabaya waukazi jakisoni wa homoni, kapena wa kachiwalo ka pituitary kochokera mwa mlamba wina, kuti uikire mazira. Imeneyo ndi ntchito yoswetsa, si yonenepetsa. Wina akabwera ndi kabotolo kopanda dzina n'kumati nsomba zikula m'mwezi umodzi, kumbukirani kuti safunsa anadya phula.

Pali njira imene aliyense pano angathe popanda mankhwala. Nsomba zikafika magalamu pafupifupi 30, zitembenuzeni n'kuyang'ana kumimba pafupi ndi mchira. Yaimuna ili ndi timabowo tiwiri, yaikazi titatu. Pemphani alangizi akuonetseni kamodzi, mudzazisankha nokha.

Ndikudziwa kuti ena mumasirira nsomba zikuluzikulu za mtundu wa Nile tilapia zimene anzathu a ku Zambia amaweta pa nyanja ya Kariba. Boma lathu sililola kulowetsa mtunduwu m'madzi athu, chifukwa ukhoza kusakanikirana ndi chambo chathu n'kuchiwononga. Mbewu yozembetsa imabweretsanso matenda. Tisaiwale matenda a zilonda za nsomba amene anabuka ku Mchinji m'chaka cha 2020.

Anzanga, nkhaniyi si ya damu la munthu mmodzi. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi aliyense ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mlingowu unali utatsika kuchepera theka. M'chaka cha 2006 boma linakhazikitsa ndondomeko ya mtsogoleri wa dziko yotukula ulimi wa nsomba, ndipo mu 2016 kunabwera mfundo zatsopano za usodzi ndi ulimi wa nsomba. Mapepala alipo, akatswiri aliponso ku Domasi ndi ku Bunda, pafupi pomwepa. Chimene chikusowa n'chakuti nzeruzo zifike pa damu la mlimi wamng'ono.

Choncho bungwe lathu litengere ku nthambi ya za nsomba ndi kwa aphungu athu mfundo zitatu. Poyamba, aliyense wogulitsa mbewu ya nsomba akhale ndi chiphaso, ndipo azinena poyera mtundu wake, msinkhu wake, komanso ngati ili ya zazimuna zokhazokha. Kachiwiri, mahomoni azigwiritsidwa ntchito kumalo oswetsera ovomerezeka okha, ndipo boma liziyendera malowo. Kachitatu, alangizi a za nsomba azifika m'makalabu athu, ndipo boma lithandize kuti chakudya cha nsomba chitsike mtengo.

Ifenso tichite mbali yathu. Kalabu iliyonse ikhale ndi kope lolembamo tsiku loika mbewu, kumene inagulidwa, chakudya chimene chalowa ndi makilogalamu amene atuluka. Tikamapita kwa akuluakulu tili ndi manambala m'manja, adzatimvera. Tizigulanso mbewu ndi chakudya pamodzi ngati gulu, pajatu mutu umodzi susenza denga.