TEBULO LOSOKERAPO LA MTENGO WOCHEPA

Pa tsiku lino lokumbukira zaka za gulu lathu, ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndilankhule za chipangizo chimodzi chimene magulu ambiri osoka alibe, ndicho tebulo.

Ambiri a ife timadulira nsalu pamphasa titagwada. Mphasa ili ndi mizere, ndipo sizasi ikakodwa m'mizeremo nsalu imadulika mokhota. Nsalu yogula ndi ndalama zosonkha ikaonongeka, woluza ndi mwana wamasiye amene amayembekeza yunifolomu. Komanso msana ndi maondo zimaphwanya, kotero kuti amayi achikulire, amene ndiwo akatswiri athu, amayamba kujomba. Tebulo la m'sitolo ndi lodula, koma lathu tingathe kupanga tokha.

Choyamba, funani chitseko chakale chosapindika ndi chosalala. Zitseko zambiri ndi zotalika mamita 2, m'lifupi masentimita 80. Chitenje m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 115, choncho mukachipinda pakati chimakwana bwino lomwe. Zulani mahinjesi ndi misomali yonse, mabowo mutseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Kenaka palani ndi sandipepa kufikira kansalu kopyapyala kaziyenda osakodwa. Chitseko chikasowa, gulani matabwa anayi a paini a masentimita 20 m'lifupi, muwalumikize ndi timatabwa titatu topingasa kunsi kwake. Akhale ouma ndithu, pakuti paini wamuwisi amapindika ndipo utomoni wake umadetsa nsalu.

Chachiwiri, miyendo. Pemphani kalipentala wa mumpingo, kapena anyamata athu, akhome zoikapo ziwiri za mitengo ya bulugamu, zooneka ngati chilembo cha A. Asaiwale thabwa lopingasa pakati, poti ndilo limaletsa tebulo kugwedera. Chitseko chija musachikhomere, mungochisanjika pamwamba. Mukaweruka muzichiyedzamitsa kukhoma, chipinda chigwire ntchito zina.

Chachitatu, ndipo apa mumvetse bwino, ndi msinkhu wa tebulo. Posoka ndi makina timakhala pampando, ndipo tebulo lisapitirire masentimita 75. Podula nsalu timaimirira, ndipo pamafunika masentimita ngati 90. Musavutike kupanga matebulo awiri. Pangani la 75, ndipo tsiku lodula muzigoneka njerwa ziwiri pansi pa mwendo uliwonse. Poyesa, mayi aime chilili, apinde mkono: tebulo likhale pansi pa chigongono pang'ono. Ngati pansi ndi pozira, miyendo isakhalitse padothi, kuopa chiswe.

Makina opukusa ndi dzanja ndi olemera, choncho aikeni kumapeto, pamwamba peni peni pa miyendo. Tebulo liyandikire windo, kuwala kuzichokera kumanzere kumene kuli singano. M'mbali mwa tebulo matani tepi yoyezera, kuti mamita a nsalu tiziyeza pamaso pa onse.

Phindu lake lidzaonekera kwambiri posoka zofunda za zigamba. Chofunda chotere chili ndi magawo atatu: nsalu yapansi, bulangete lakale pakati, ndi zigamba zolumikiza pamwamba. Yalani onse atatu patebulo, muwatsendereze ndi miyala yosalala yokulunga m'nsalu. Yambani kusoka pakati ndi misoko ikuluikulu yongogwirizira, muzipita cha kumphepete. Mukayambira kumphepete, pakati pamachita makwinya osatheka kuwongola. Amayi anayi, awiri mbali ino awiri mbali inayo, amamaliza msanga, ndipo wophunzira amaona bwino manja a womphunzitsa.

Amayi anzanga, Dorika wa ku Yopa timamukumbukira chifukwa cha zovala zimene amayi amasiye anaonetsa iye atamwalira. Nafenso tili ndi okalamba ndi odwala amene amagona ndi chitenje chokha m'mwezi wa June. Mutu umodzi susenza denga. Wina apereke chitseko, wina misomali, wina akadule bulugamu. Ndikupempha nthambi iliyonse kuti chisanu chisanafike ikhale ili ndi tebulo lake, ndi chofunda chimodzi chosokedwa pamenepo.