Kuphunzira Jogalafe m'Magulu: Mau Olankhulidwa kwa Aphunzitsi

Mphunzitsi wa kumudzi adziwa bwino bvuto ili: ana adzaza cipinda, koma mapu ndi amodzi. Iye alemba pa bolodi, ana akopera, ndipo pofika mayeso akumbukira maina a mitsinje osadziwa kumene madzi ace apita.

Njira yothandiza inayesedwa ndi Elliot Aronson mu 1971 ku Austin, m'dziko la America, pamene ana a mitundu yosiyana anayamba kuphunzira pamodzi koma analikunyozana. Iye anagawa phunziro m'zigawo, napatsa mwana ali yense cigawo cimodzi, kuti pasakhale wina wodziwa zonse popanda kumvera mnzace.

Pa phunziro la mitsinje ya Zambia, mphunzitsi aike ana atatu-atatu, wocenjera pamodzi ndi wofooka. Woyamba atenge Zambezi, kucokera ku gwero lace pafupi ndi Mwinilunga, kudzera pa Mosi-oa-Tunya ndi pa khoma la Kariba limene linatha mu 1959, kufikira ku nyanja yamcere ku Mozambique. Waciwiri atenge Kafue, umene upyola dziko la migodi nulowa m'Zambezi pafupi ndi Chirundu. Wacitatu atenge Luangwa, umene utsika m'cigwa cotentha nukomana ndi Zambezi pa Zumbo. Poyamba onse a mtsinje umodzi akhale pamodzi ndi buku, amvane. Pambuyo pace abwerere ku magulu ao, aumbe zitunda ndi zigwa pa mcenga pabwalo, athirepo madzi, ndipo yense alongosole mtsinje wace.

Komatu pali msampha. Kawiri-kawiri wocenjera agwira nchito yonse, enawo nangoyang'ana. Robert Slavin, atasanthula zofufuza zambiri za nkhaniyi, anapeza kuti magulu akweza ana pa mayeso makamaka pamene gulu liri ndi colinga cimodzi, ndiponso mwana ali yense ayesedwa payekha. Pa dima anthu alima munda umodzi, koma yense ali ndi ndime yace, ndipo waulesi aoneka msanga.

Cotero potsiriza mwana yense alembe yekha mayankho a mitsinje yonse itatu, osati wace wokha. Mphunzitsi aphatikize zimene atatuwo akhoza, nayamike gulu limene mwana wace wofooka wapita patsogolo. Pamenepo wocenjera adzaona kuti kukhoza kwa mnzace kuli nchito yace yomwe.