Mfutso Ndi Ndarama



M'mwezi wa June, caka ca 2011, Mai Hillary Clinton, amene pa nthawiyo anali nduna ya America yoona za maiko akunja, anafika ku Lusaka ku msonkhano wa malonda wa AGOA. Kumeneko analankhula ndi amai amalonda a bungwe la AWEP, limene boma lao linayambitsa mu 2010. Wotsogolera bungwelo m'Zambia anali Mai Sylvia Banda, amene anachuka pogulitsa ndiwo zathu zofutsa, monga cibwabwa.

Akazembe amatsegula khomo cabe, wolowa ndinu. Tsono masamba otsala pa msika musataye ai. Afutseni mwaukhondo, kuti mudzagulitse m'cilimwe, ndiwo zikasowa.