NCHITO YOKONZA NDEGE
Mau kwa makolo ndi ana a sukulu a ku Thambani, m'boma la Mwanza

Ndege ikamadutsa pamwamba pa mapiri a Thambani, ana amatuluka m'nyumba naloza kumwamba, ndipo ena amati, "Ndikadzakula ndidzayendetsa ndege." Koma alipo munthu wina amene ana samchula cifukwa sanamuone. Munthuyo ndiye makaniko wa ndege. Iye amatsala pansi, koma popanda dzina lace kulembedwa m'buku la ndegeyo, woyendetsa saloledwa kunyamuka.

Munthu wopalasa njinga ndi dengu la manachesi kunka ku msika wa Mwanza, cheni cikaduka panjira amatsika, naikankha kufikira apeze wokonza. Ndege iribe mthunzi wa mtengo poti iime. Cifukwa cace njinga amaikonza itaonongeka, koma ndege amaikonza isanaonongeke. Ici ndico cinthu coyamba cimene wophunzira nchitoyi ayenera kucisunga mumtima.

KHOMO LOLOWERA

Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchitoyi ayenera kufika Folomu 4 ndi kukhoza bwino masamu, sayansi ndi Cingelezi. Cingelezi cifunika pakuti mabuku a malangizo a ndege amalembedwa m'cinenero cimeneci, ndipo makaniko sagwira sipanala asanatsegule buku.

M'Malawi ndege zazikulu zimatera pa Chileka ku Blantyre ndi pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe. Kampani ya Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatha mu 2013. M'malo mwace munalowa kampani yatsopano imene inayamba kuulutsa ndege mu 2014, ndipo eni ace ndi Boma la Malawi pamodzi ndi Ethiopian Airlines. Kampani ya ku Ethiopia imeneyi iri ndi sukulu yace ku Addis Ababa, kumene amaphunzitsa oyendetsa ndege ndi amakaniko ocokera m'maiko ambiri a mu Africa.

Malamulo a bungwe la ICAO, limene maiko anapangana ku Chicago mu 1944, amati munthu asalandire ciphaso cosainira ndege yonse asanakwane zaka 18 za kubadwa, ndiponso asanagwire nchitoyi zaka 4, kapena zaka 2 ngati anatsiriza maphunziro pa sukulu yobvomerezedwa. Tsono makolo adziwe kuti mwana wao sadzayamba kutumiza ndalama zambiri caka coyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

TSIKU LA WOPHUNZIRA

Miyezi yoyamba wophunzira amasesa, amatsuka zitsulo, ndi kupatsira zipangizo kwa mkulu womphunzitsa. Pambuyo pace amaphunzira kuyesa mpweya wa m'matayala, kuona ngati mabuleki adyeka, ndi kupenya m'kamwa mwa injini ngati munalowa mbalame kapena kamwala. Amaphunziranso kutapa mafuta pang'ono kunsi kwa phiko. Mafuta a ndege zazikulu ndi a mtundu wa palafini, ndipo madzi akalowamo amakhala pansi cifukwa ndi olemera. Makaniko ayenera kuwapeza ndege isananyamuke.

Bauti ya ndege samanga ndi mphamvu za mkono monga ya ngolo. Buku limanena muyeso wa kulimba kwace, ndipo pali sipanala yace imene imalira "kha" muyesowo ukakwana. Atatero amapisa kawaya m'mutu mwa bautiyo nakapota, kuti ingamasuke ndi kunjenjemera kwa injini.

Nchito yambiri imagwiridwa usiku, pakuti usana ndege iri pa ulendo. Potsiriza amawerenga zipangizo zonse. Sipanala imodzi ikasowa, palibe wopita kwao ndipo ndege sicoka kufikira ipezeke, cifukwa kacitsulo kotsala m'kati kangathe kupinga zingwe zowongolera. Wophunzira sasaina buku. Mkulu wa ciphaso amaona nchito yace yonse, ndipo ndiye amene amalemba dzina lace ndi kusenza mlandu.

ZIMENE ZINACITIKA KU ENGLAND

Pa 10 June 1990 ndege ya British Airways inanyamuka ku Birmingham kunka ku Malaga. Inali ya mtundu wa BAC One-Eleven, mtundu womwewo umene Air Malawi inali nao kale. Itakwera mapazi oposa 17,000, galasi la kutsogolo linazuka, ndipo mphepo inakokera woyendetsa, Bambo Tim Lancaster, kunja kufikira m'ciuno ndi kupitirira. Anzace anamgwira miyendo osamtaya, pamene wothandiza wace anakatera nayo ndegeyo ku Southampton. Mwa mwai palibe amene anafa.

Pofufuza anapeza kuti galasilo linaikidwa usiku, ulendowo usanacitike. Mwa mabauti 90 amene analigwira, 84 anali oonda kuposa oyenera, ndipo otsalawo anali aafupi. Kuondako sikunafike ndi milimita imodzi yomwe, kunali monga kukhuthala kwa cikhadabo. Amene anamanga sanali wophunzira ai. Anali munthu wozolowera nchito, koma usiku umenewo anafanizira mabautiwo ndi maso, osayang'ana m'buku.

KHALIDWE LOFUNIKA

Nkhaniyi ionetsa kuti nzeru za m'kalasi ndi luso la manja sizikwanira pa zokha. Cofunika koposa ndi kukhulupirika pa zinthu zazing'ono pamene palibe wokuona. Wophunzira akagwetsa nati m'kati mwa injini, kapena akamanga bauti mopitiriza muyeso, ayenera kupita kwa mkulu wace nthawi yomweyo ndi kunena, "Bambo, ndalakwitsa apa." Kapena adzadzudzulidwa, ndipo ulendo udzacedwa. Koma akabisa cifukwa ca mantha, amaika pa ngozi anthu onse okwera, amene sadziwa ndi dzina lace lomwe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Momwemonso pamene sanamvetse, afunse kawiri kapena katatu.

Khalidwe lotere siliyambira ku Chileka, liyambira pakhomo. Mwana amene amabweza khasu pamalo pace akacoka kumunda, amene amawerenga mbuzi madzulo asanatseke khola, ndiponso amene amaulula yekha akaswa mtsuko, wayamba kale maphunzirowa. Makolo asamange mwana wotere ndi ndodo pa kuulula kwace, angaphunzire kubisa.

Cotero inu makolo a ku Thambani, musacotse ana pa sukulu kuti akagulitse malonda ku cipata ca Zobue kapena kuti akwatiwe msanga. Atsikana nawonso angathe nchitoyi, pakuti siifuna mphamvu za thupi koma maso openya ndi mtima woona. Ndipo inu ana, funsani aphunzitsi anu akulangizeni za masamu ndi sayansi kuyambira tsopano, mayeso asanayandikire.