Utsi wa ku Canada ndi mapapo athu



Ambiri mwa inu mukukumbukira pa 7 June 2023, pamene thambo la New York linafiira masanasana. Moto sunali kuno ayi. Nkhalango zinkapsa ku Quebec, m'dziko la Canada, ndipo mphepo yochokera kumpoto ndiyo inatibweretsera utsiwo. Mphepoyo itatembenuka, kunja kunayeranso. Choncho musamangoti moto uli kutali. Muzifunsa komwe mphepo ikulowera.

Choopsa mu utsi ndi tifumbi tosaoneka ndi maso totchedwa PM2.5. Timalowa mkatikati mwa mapapo, tina mpaka m'magazi.

Ife makolo anu tinakulira mu utsi wa nkhuni ndi wa tchire lotenthedwa posaka mbewa, n'chifukwa chake timaupeputsa. Apa mpamene tikukufunani. Muziona AirNow pafoni. Nambala ya AQI ikapitirira 100, agogo, ana ndi odwala mphumu asakhalitse panja. Ikapitirira 150, tonse tileke mpira ndi kuthamanga panja, titseke mawindo, ndipo potuluka tivale N95, osati kansalu wamba.

Akuluakulu akamakana, musakangane nawo. Aonetseni nambalayo mwaulemu, kenako mutseke windolo nokha.